Zogawidwa Sazitoleranso

Munthuyo sanandikanize mwamwano. Anandilandira bwino, anandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango, mkazi wake n'kubweretsa nthochi m'mbale monga achitira anthu a ku Nyimba akaona mlendo. Nditafotokoza chimene ndinadzera anakhala chete kanthawi, kenako ananyamuka n'kunditsogolera kuseri kwa nkhokwe kumene kunali ngolo yake. Tinanyonyomala tonse awiri n'kusuzumira pansi. Ekiselo inali pomwepo, yakuda bii ndi girizi wosakanizika ndi fumbi, difu yake itatukuka pakati ngati chipanda, ndipo ndinaizindikira nthawi yomweyo monga umazindikirira mwana wa mnzako pongoona mayendedwe. Ndinatchula mtengo. Nditaona kuti sakuyankha ndinawonjezera. Iye anapukuta manja pa buluku nati, "Atate, ndalama zanuzo n'zabwino. Koma ikachoka apa, chimanga changa chizibwera bwanji kuchokera kumunda? Odwala a mudzi uno azipita pa chiyani kuchipatala?" Anaima pang'ono, n'kufunsanso, mosafuna kundinyoza, mongofuna kudziwa: "Nanga inu mukakaimanga pa motoka yanuyo, izikanyamula chiyani?"

Makilomita pafupifupi 70 ochokera ku Nyimba kubwerera ku Petauke ndinawayenda m'basi funso limenelo nditalifungata pamiyendo ngati katundu amene mwini wake wakusungitsa n'kutsika osakuuza. Kufikira tsiku limenelo ndinkadziona ngati munthu wochita chabwino. Ndinali nditapeza Land Rover yakale itagona pa njerwa, ndinaiwombola kwa anyamata ogula zitsulo pa sikelo, ndipo ndinali nditayamba kuitolera chiwalo ndi chiwalo kuti iimenso pa matayala ake. M'maganizo mwanga, onse amene anachotsapo kanthu anali ngati miimba pa nyama yakufa, ine n'kukhala mwini wofika mochedwa kudzaiingitsa. Koma pansi pa ngolo paja panalibe chobedwa. Panali chitsulo chimene chinali pa ntchito, cholawira kumunda ine ndisanadzuke, chodziwika ndi mudzi wonse. Amene anabwera kudzachichotsa pa ntchito kuti chikakhale mumthunzi ndinali ine.

Galimotoyo ndinaiona koyamba mu 2016, patatha zaka zitatu chipumireni pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ndinapita ku Nyimba ku maliro, ndipo pobwerera ndinadzera kuseri kwa golosale ina yotsekedwa pofuna njira yachidule yopita pokwerera basi. Inali pamenepo, Series IIA ya 109, nyali zake zili pakati, moyandikana ndi ledieta, monga zinkakhalira asanazisunthire m'mamadigadi. Utoto unali utasuluka mpaka kufanana ndi phulusa. Nkhuku inali itaikira mazira pamene pankaponda mapazi a dalaivala. Matayala panalibe, zitseko panalibe, mpando panalibe. Koma thupi lake silinawole, chifukwa thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu; dzimbiri limadya chesisi ndi khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi okwera, kwinako limangolambalala. Ndinaika dzanja pa boneti yotentha ndi dzuwa, fungo la oyilo wakale ndi fumbi n'kundilowa m'mphuno, ndipo basi ya masana inandisiya ndili chiimire.

Mwini wake anali atamwalira kale. Amayi amasiye amene ndinakambirana nawo anati amuna awo anaigula pa okushoni ya magalimoto a boma otha ntchito, ndipo inawanyamulira nthochi, chimanga ndi malata zaka zoposa khumi isanaime. Nditafunsa za zimene zinasowapo ndinayembekezera kumva za akuba. M'malo mwake anayamba kuwerenga pa zala, modekha, ngati munthu wonena kumene ana ake anakwatiwa. Ekiselo yakumbuyo inapita kwa mphwawo wa malemu kukapanga ngolo. Masipuling'i anatenga wosula zitsulo wa kumsika. Chitseko chimodzi chikutseka khola la nkhumba, china anagula opanga mapoto. Mpando uli pakhonde pa apongozi. Matayala anang'ambidwa kalekale, ena malegeni omangira katundu panjinga, ena nsapato. Malimu anayi anapita uku ndi uku, ndipo lachisanu, la tayala lija lokhala pa boneti, analipereka okha kusukulu ya pulaimale kuti likhale belu. Ndinalemba zonsezi m'kabuku, chinthu kumanzere, mudzi kumanja, monga ndinkalembera kaundula wa alimi. Polemba ndinkaona mndandanda wa zotayika zoti ndikazilondole. Sindinamve kuti amayiwo sanatchulepo mawu oti kutayika ngakhale kamodzi.

Zaka ziwiri zoyambirira zinathera pa injini. Inali itagwirana, mapisitoni atamamatira m'masilinda, choncho ndinathira dizilo m'mabowo a mapulagi n'kumadikira. M'mawa uliwonse ndinkalowetsa handulo pa bowo la bampala n'kuyesa kupukusa, osagwedezeka, n'kuthiranso, mpaka masabata asanu ndi limodzi. Tsiku limene inasuntha mpata wa chala chimodzi ndinakhala pansi padothi n'kumangoiyang'ana. Masipanala a masiku ano, a mamilimita, ankaterereka pa manati ake n'kuwadya makona, chifukwa galimotoyo inamangidwa ndi miyeso ya mainchi ya ku England. Anandipulumutsa mkulu wina amene anali makaniko kalelo, amene anasolola pansi pa bedi bokosi la masipanala a Whitworth okulungidwa m'nsanza ya oyilo nati, "Tengani, mkwasu, kuno angochita dzimbiri." Ndinaphunzira kutsuka kabyuleta m'beseni la palafini, kudula gasiketi pa katoni pogogoda ndi kanyundo m'mbali mwa chitsulo, kupala mapointi ndi sandipepa, ndi kuika nati iliyonse m'chitini chake cholembedwa. Munthu amene wagwira ntchito zaka 33 akapuma, kuchepa kwa ndalama kumamupweteka, koma chopweteka koposa ndi m'mawa. Umadzuka nthawi yomwe ija, kusamba, kuvala, kenako n'kuzindikira kuti palibe akukudikira kulikonse. Injini yogwirana ija inandibwezera m'mawa wanga. Inkandidikira pansi pa chisakasa tsiku ndi tsiku, ndipo chimenechi ndimachiyamika mpaka lero.

Komabe ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene inakhalira Land Rover, osati chigayo kapena Canter yobweretsa ndalama monga anachitira anzanga ndi penshoni zawo. Anthu akafunsa ndinkayankha kuti ndi galimoto yolimba. N'zoona, koma si zokhazo. Mu 1980, nditatumizidwa ku kampu yanga yoyamba, kutali ndi msewu wa tala, ndinali ndi njinga, kabuku ndi chingwe cha mfundo. Inali nthawi ya Lima, pamene tinkaphunzitsa alimi kuyeza gawo limodzi la magawo anayi a hekitala, mamita 50 uku ndi 50 uku, n'kuthiramo thumba limodzi la D Compound ndi limodzi la Urea. Land Rover ya ku boma, ya nambala ya GRZ, inkabwera mwina kamodzi pamwezi. Inkamveka isanaoneke, magiya akulira kuseri kwa chitunda, ana n'kuthamangira kumsewu, anyakwawa n'kulowa m'nyumba kukavala majekete. Kutsogolo kunkakhala adalaivala ndi abwana. Ife a m'makampu tinkakwera kumbuyo, mawondo atagundana, fumbi likulowa pansi pa tenti, n'kukafika ku boma nsidze zitafiira. Ndikanena moona, mbali ina ya mtima wanga inagula chigoba chija kuti tsiku lina ndidzagwire chiwongolero, ana adzathamangire ine. Ndinatenga nthawi yaitali kuti ndivomere chimenechi. Zaka zonse zija sindinakhaleko kutsogolo, kupatula usiku umodzi.

Munali mu February 1984, mvula ili pakati. Mayi a kunyumba anali atadwala tsiku lonse ndi mwana wathu woyamba, ndipo madzulo azamba anatuluka n'kundiuza motsitsa mawu kuti izi zawakulira. Mwa chisomo, Land Rover inali itagona pa kampu yoyandikana nafe chifukwa cha matope. Ndinapalasa njinga mumdima kukadzutsa adalaivala, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Sanafunse funso lililonse, anangofufuza nsapato. Amayi anadzaza kumbuyo ndi wodwala, ine n'kuuzidwa kuti ndikhale kutsogolo. Ndimakumbukira dzanja lawo likukokera kumbuyo kandodo ka mutu wofiira pamene tinkalowa m'dambo, injini n'kusintha mawu, galimoto n'kuyamba kukwawa ngati fulu koma osaima. Ndimakumbukira phazi lawo likuponda kilachi kawiri posintha giya, chifukwa pa magalimoto amenewa giya yoyamba ndi yachiwiri salowa bwino ukaponda kamodzi. Ndimakumbukira kubuula kochokera kumbuyo, ndi iwo akunena osandiyang'ana, "Limbani mtima, mwana wanga, tifika." Tinafika kuchipatala cha ku Minga kukucha. Mwana anabadwa dzuwa lisanakwere, wamkazi. Adalaivala aja ndinawapatsa nkhuku imodzi yokha. Anamwalira zaka zingapo pambuyo pake ine nditasamutsidwa, ndipo uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale.

Mwana ameneyo lero ali ku Lusaka ndi ana ake, ndipo ndiye amandifunira zipangizo m'masitolo a m'tauni ndi kumsika wa Soweto, zina n'kuitanitsa pa intaneti kuchokera ku England. Amachita zimenezi mosanyinyirika, koma tsiku lina anafunsa pa foni, "Atate, kodi motoka imeneyi ndi yomwe ija inatinyamula?" Si yomweyo. Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba, pakuti ija nyali zake zinali m'mamadigadi. Ndinamuuza choncho, iye n'kukhala chete kanthawi, kenako n'kunena kuti zipangizo za mabuleki azitumiza pa basi Lachisanu. Amene ananena zimene mwanayo anasunga mumtima ndi mayi ake, usiku umene ndinabwerako kwa mwini ngolo. Anali akuswa nshawa pakhonde, ndipo atamva nkhani yonse anandiitana ndi dzina la mwana wathu woyamba monga achitira nthawi zonse nati, "Pa maliro a atsibweni anu, jekete lawo munatenga ndinu, khasu anatenga mng'ono wanu, njinga inapita kwa alongo anu. Munamvapo kuti wina anayenda m'midzi kukazitolera kuti amangenso malemu?"

Mawu amenewo anandikhala. Kwathu kuno sititseka chipinda cha malemu kuti chikhale monga anachisiyira. Maliro akatha abale amakhala pamphasa, katundu n'kutulutsidwa pabwalo, aliyense n'kupita ndi kake. Ngakhale dzina limapatsidwa kwa wina kuti lipitirire kuyenda ndi miyendo yatsopano. Anthu a ku Nyimba anachitira Land Rover ija mwambo womwewo, ndipo anauchita mwaulemu. Mdzukulu wanga anandionetsapo pa foni mmene amachitira anzanga a ku England, akuluakulu a imvi ngati ine: amavula galimoto mpaka kutsala chesisi, amafunafuna bawuti ya chaka chenichenicho ndi utoto weniweniwo, kenako n'kukaiimika pa kapinga anthu n'kumaizungulira. Ndimawamvetsa, pakuti ludzu lathu ndi limodzi. Fakitale ya Land Rover ya ku Solihull inatulutsa Defender yomaliza ya mtundu wakale mu January 2016, chaka chomwe ndinagula chigoba changa, ndipo chinthu chikasiya kupangidwa anthu amayamba kuchigwira ngati dzira. Komabe galimoto imeneyi sinabadwire pa kapinga. Inatuluka mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, chitsulo chili chosowa ku Britain, ndipo n'chifukwa chake anaiveka aluminiyamu. Oipanga ankalingalira za mlimi: ikoke pulawo m'mawa, izunguze makina masana, ipite kumsika madzulo. Ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti mwini ngolo uja, amene mwina sanamvepo za Solihull, anali pafupi ndi mtima wa oipanga kuposa ine.

Kwa wosula zitsulo ndinapitabe, mvula yoyamba itangogwa, koma ulendo umenewo ndalama ndinasiya kunyumba. Anati masipuling'i anatha kalekale, anasanduka nkhwangwa, akasemasema ndi zikwanje, ndipo anayamikira kuti chitsulo cha sipuling'i sichibuntha msanga. Anandionetsa nkhwangwa imodzi imene mwini wake anabweretsa kudzanoletsa, itadyeka mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Ndinaigwira, inali yofunda. Pobwerera ndinaona mtsikana wobereka mwana akubzala nshawa m'mbali mwa msewu, atakoka chingwe cha mfundo pakati pa zikhomo ziwiri. Dera limenelo ndinagwirako ntchito zaka zinayi, Nyimba ikali pansi pa boma la Petauke. Ndinamufunsa amene anamuphunzitsa. "Amama," anatero. Nanga amayi akewo anawaphunzitsa ndani? "Kaya, agogo, n'zakale." Ndinaima pamenepo mtima uli pawiri. Pakamwa pankafuna kunena kuti, mwana wanga, chingwe chimenecho chinafika m'dera lino pa keriyala ya njinga yanga. Sindinanene. Ndinaona kuti ntchito yanga nayonso inaphwasulidwa n'kugawidwa. Zina zinasungunulidwa ndithu: ife tinkayamikira munda wosesedwa bwino, lero alangizi achinyamata amauza alimi kusiya mapesi m'munda, kukumba maenje obzalamo chilimwe chisanathe ndi kubzala mitengo ya msangu, ndipo bungwe la NAMBOARD limene tinkatumizako alimi linathetsedwa mu 1989. Zina zinatsala, koma zopanda dzina langa, monga nkhwangwa ija inalibe dzina la Land Rover. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Ndinakula ndikumva mwambiwu ngati wa chisoni chokha, koma madzi otayikawo amalowa pansi, china n'kumwa.

Apa n'pamene ndinayamba kukayikira zimene ndinkamanga pansi pa chisakasa. Mwina amene ndinkafuna kumutolera chiwalo ndi chiwalo anali mlangizi uja wa kabuku m'thumba, amene akafika pamudzi anthu ankasiya makasu n'kubwera kudzamumva. Ndinkafuna aimenso wathunthu, ndi dzina lake, anthu amuzungulire. Masabata awiri sindinagwire sipanala. Koma kuleka nakonso kunandikanika, ndipo sindikhulupirira kuti kunali kuuma mutu chabe. Zonse zikagawidwa, mwana adzaonera kuti chinthu chathunthu? Poto samuuza za Land Rover, nkhwangwa simuuza za usiku wa ku Minga. Mnyamata amene amandithandiza Loweruka anaphunzira umakaniko pa magalimoto a ku Japan, olumikiza kompyuta n'kukuuza chodwala, iwe n'kuchotsa n'kuikapo chatsopano. Tsiku limene ndinamuonetsa kumvetsera injini ndi sikuludilaiva, nsonga pa chitsulo, chigwiriro pa khutu, nkhope yake inasintha. Mdzukulu wanga akabwera pa holide amasuzumira pansi pa boneti n'kulondola ndi chala njira ya petulo kuchokera ku thanki mpaka ku kabyuleta, njira ya moto kuchokera ku koyilo mpaka ku mapulagi, zonse zili poyera, zosabisika. Pamudzi pamafunika nkhalamba imodzi yoti ana aziiona ikuyenda. Ndiponso anyamata a sikelo aja sagawa monga anagawira amayi amasiye. Iwo amayeza makilo, n'kukweza pa lole, chitsulo n'kupita ku ng'anjo zakutali kumene sichidzalimanso munda wa aliyense wa kuno. Chigoba chimene ndinagula chinali chitatsala pang'ono kupita njira imeneyo. Pa chimenechi mtima wanga sunditsutsa.

Choncho ndinapitiriza, koma kabuku kaja ndinakatseka. Ekiselo inachokera ku Lusaka, ya Series III imene inagubuduzika kalekale. Zitseko ndinazipeza ku Katete, chimodzi chobiriwira, china chotuwa. Mipando anasoka telala wa pamsika wa ku Petauke. Anzanga a pa kapinga sangaivomere, pakuti ndi galimoto yomangidwa ndi zotsala za zinzake zinayi kapena zisanu, koma palibe ngolo imene inaima chifukwa cha ine. Inalira mu August 2021, tsiku la mphepo. Batire inali yofooka, choncho ndinagwira handulo monga ndinkaonera adalaivala aja, chala chachikulu mbali imodzi ndi zinzake kuti injini ikabweza isakuthyole dzanja. Kachitatu inatsokomola. Kachinayi inagwira, utsi n'kudzaza bwalo, nkhuku n'kubalalika, boneti n'kumanjenjemera pansi pa chikhatho changa. Mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini atagwira mthiko, anaima osanena kanthu, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Iwo anawamva mawu amenewo atagona kumbuyo, ine nditakhala kutsogolo, koma tonse tinawazindikira.

Funso la mwini ngolo anandiyankhira ndi anansi. Mabuleki ndi mapepala a pamsewu zitangotha, kunagwa maliro kuseri kwathu, ndipo m'mamawa anyamata anagogoda kupempha kuti ikatenge nkhuni. Mtima unandiluma, chifukwa utoto unali usanathe mwezi. Chipika choyamba chimene anaponya chinasiya mzere wautali m'mbali, ndipo usiku umenewo ndinatuluka ndi tochi kukauyang'ana, n'kuupapasa ndi chala, n'kuganiza za chitini cha utoto chimene chinatsala. Sindinaupake. Pambuyo pake inanyamula njerwa za kutchalitchi, nshawa za amayi ena okalamba, ndi mnyamata wothyoka mwendo amene anafunika kufika kuchipatala usiku. Ojambula ndi mafoni alipo, makamaka ndikaiimika pamsika, koma ambiri amene amafika pakhomo amayang'ana kumbuyo kwake, kuyeza ndi maso kuti mungalowe matumba angati. Ana sathamangira kumsewu monga kale, magalimoto anawazolowera. Ndinadabwa kupeza kuti chimenechi sichikundipweteka monga ndinkaganizira.

Mu June 2022, nthawi yokolola, ndinaiyendetsa mpaka ku Nyimba, pang'onopang'ono, mabasi akundipitirira ndi mahutala. Amayi amasiye aja anaizungulira kawiri, anagwira boneti, anagwira chitseko nati, "Yavala za eni, koma mawu ndi omwe aja." Kumbuyo ndinali nditanyamula limu lina, lopepuka, logula m'tauni, chifukwa mumtima ndinali ndisanalekeretu: ndinkati chimodzi chokha, cha pa boneti, ndikachisinthanitse, pakuti belu ndi belu. Kusukulu kuja aphunzitsi aakulu sanavute. Limu linali lopachikidwa ndi waya pa nthambi, mbali imodzi yonyezimira chifukwa chomenyedwa zaka zambiri pamalo amodzi. Tili mkati mokambirana nthawi yopuma inatha, kamnyamata n'kubwera chothamanga ndi bawuti yaitali, n'kumenya katatu. Mawu ake anali akuya, anapita kutali mpaka kukagunda kuphiri n'kubwerera, ana mazanamazana n'kusiya masewera nthawi imodzi. Tinayesa limu langa, linangoti kho, ngati wagogoda chidebe. Aphunzitsi anati alimi a m'midzi yozungulira nawonso amadziwira nthawi pa belu limeneli. Ndinabweza langa m'galimoto. Pa boneti mpaka lero pali zomangira zopanda kanthu, ndipo tayala la sipeya limagona kumbuyo pamodzi ndi katundu.

Amayiwo anapempha kuti ndiwatengere mikoko ya nthochi kudimba kupita nayo kumsewu kumene amagulitsa. Tikutuluka kudimbako pa kanjira kopanikiza, kutsogolo kunatulukira ng'ombe ziwiri zikukoka ngolo yodzaza chimanga mpaka pamwamba. Panalibe malo odutsana. Ndinalowetsa matayala m'udzu n'kuzimitsa injini kuti ng'ombe zisadzidzimuke. Ngolo inadutsa pafupi moti ndikanatha kuigwira, ndipo maso anga anapita okha pansi pake, pamene difu ija inkayenda mwakachetechete, yakuda bii, itasenza chakudya cha chaka chathunthu. Mwini wake anandizindikira. Anaimitsa ng'ombe, anavula chipewa, anayang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kusuzumira m'kati mmene munali nthochi. "Yanyamula, atate," anatero. Ndinayankha kuti yanyamula. Anagwedeza mutu, anakuwira ng'ombe zake, ndipo ine ndinadikira mpaka fumbi lawo litatsika ndisanalize injini.